Njinga ikavuta m'tchire la kunja kwa Harare, funsani kaye kuti yavutira pati

Pagulu lathu lopalasa Loweruka m'mawa pali a ku Mbare, a ku Mufakose, a ku Epworth, ndi achimwene awiri a ku Dzivarasekwa omwe amafika pokumanira atatuluka kale thukuta. Sipapita Loweruka popanda wina kukuwa kumbuyo kuti "Taimani kaye!" Tikabwerera timapeza zomwe zija: tayala laphwa, tcheni chagwa, buleki ikulira ngati nkhumba yomangidwa pakeliyala. Mwiniwake n'kuyamba kudandaula kuti anamugulitsa njinga yakufa.

Nthawi zambiri njingayo ilibe mlandu. Sabata yonse yayenda bwinobwino pa tala. Chasintha ndi nthaka, ndipo kuno nthaka imasintha pamtunda waufupi. Kumpoto kwa mzinda, cha ku Borrowdale kulowera ku Christon Bank, kuli katondo wofiira. Ku Epworth, ku Ruwa ndi ku Chitungwiza ndi mchenga woyera wogumuka ku miyala ya granite. Ku Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, ndi ku Ngomakurira mumapalasa pathanthwe penipeni. M'madambo a Mukuvisi ndi Marimba muli makande akuda omata ngati ulimbo. Ulendo umodzi ukhoza kudutsa zonse zinayi, ndiye munthu akatiimitsa ine ndimayamba ndi kumufunsa malo amene vutolo layambira.

## Tayala likungophwa

Musathamangire kumata. Tulutsani chubu, koma kumbukirani mmene chinagonera m'tayala, kuti bowo mukalipeza mudziwe malo oti muyang'ane pa tayalalo. Popani chubucho, pezani bowo, muone maonekedwe ake ndi mbali imene lili.

1. Kabowo kamodzi kakang'ono, mbali yoyang'ana pansi. Umenewu ndi munga, ndipo ndiwo umatiimitsa kwambiri kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mumchenga muli kachomera koyanga pansi komwe anzathu Achishona amati feso, kokhala ndi chipatso chouma cha minga iwiri yoloza kumwamba. M'mbali mwa mitsinje muli mthethe. Tchire likapsa cha mu Ogasiti zitsa za udzu zimatsala zosongoka ngati singano, ndipo pamene anthu anawotcha matayala a galimoto pamatsala timawaya.
- Pititsani kansalu m'kati mwa tayala lonse. Pamene kakodwa ndi pomwe pali munga. Chala musagwiritse, waya ndi galasi zimacheka.
- Ngati ndi feso, funani bowo lachiwiri pafupi pomwepo.
- Tayala lophwanso musanathe kilomita imodzi mutangomata, ndiye kuti munga uja munausiya momwemo. Wina wa ife anatha machubu atatu tsiku limodzi pa njira ya ku Chiremba chifukwa cha kamunga kamodzi komwe sikanali kuoneka kunja.

2. Mabowo awiri oyandikana, ngati yaluma njoka. Limu yatsina chubu pa mwala. Izi zimachitika pathanthwe, podumpha kachigwembe, ndi pa mizere youma ya minda ya m'dambo. Mpweya unali wochepa, kapena munagunda mwala mutakhazikika pachishalo. Onjezani mpweya, ndipo pa malo otere imirirani pa mapedulo, maondo akhale opinda. Mabowowo akakhala ong'ambika motalika chigamba sichikhalitsa, ikani chubu china.

3. Bowo lili m'kati, mbali ya limu. Lamba wophimba mitu ya masipoko wasuntha kapena wang'ambika. Ambiri amadula chubu chakale n'kuzengapo. Pa limu yachikale zimatheka, koma pa limu ya zipupa ziwiri, yokhala ndi mabowo akuya, labala amamira m'mabowomo ndipo chubu chimaphulika pomwepo. Pamafunika lamba wolimba wosatamuka.

4. Chang'ambika patsinde pa valavu. Tayala lofewa limasuntha pa limu mukamagwira buleki, n'kumakoka chubu. Chizindikiro chake valavu imapendekeka. Apa sipamatika.

5. Chigamba chakale chamatuka. Munamata guluu asanaume. Palani chubu ndi sandipepa, pakani guluu wochepa, dikirani mphindi zisanu mpaka asiye kunyezimira, kenako ikani chigamba n'kukanikiza kwambiri.

Za mpweya ndichedwepo, chifukwa apa ndi pamene timakangana kwambiri. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala ndi malire osayenera kupitirira, sikuti muzipopa kufika pamenepo. Munthu wa makilogalamu 70 mpaka 80, pa matayala a mainchesi 2.1 mpaka 2.25 okhala ndi chubu, ayambire pa 30 mpaka 35 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala). Wa tubeless, matayala opanda chubu, akhoza kutsika mpaka 22 kapena 28. Lakutsogolo likhale lofewerapo ndi 2 kapena 3 psi. Wonenepa awonjezere, wopepuka achepetse. Kudina tayala ndi chala kumanama, pezani pampu ya geji. Amene amapopera pa filing'i siteshoni ya mafuta amafika 50 kapena 60 osadziwa, kenako njinga imangonjanja pa miyala. Dziwaninso kuti pampu ya pamenepo imalowa pa valavu yonenepa ya Schrader, yopyapyala ya Presta imafuna kachitsulo kolumikizira.

A tubeless, musadzitame kwambiri. Madzi omata mabowo omwe mumathira m'tayala amauma, ndipo nyengo yotentha amauma msanga. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu gwedezani wilo pafupi ndi khutu. Mukapanda kumva kukhuvuka, mwauma. Tsiku limene mudzafune kuikamo chubu m'tchire, yambani mwazula minga yonse, chifukwa tayala la tubeless limakhala litasunga minga yambirimbiri imene inamatidwa inu osadziwa.

Lekani, pitani kwa okonza njinga ngati: tayala lang'ambika m'mbali mpaka ulusi kuonekera, limu yaphwanyika m'mphepete, kapena pali mng'alu pozungulira mutu wa sipoko. Kapulasitiki kolimba kopinda, koikidwa m'kati pong'ambikapo, kangokufikitsani kunyumba basi.

## Tcheni chikudumpha, magiya sakulowa bwino

Kumbukirani kaye ngati zayamba mwadzidzidzi mutagwa kapena mutadutsa m'udzu, kapena zakhala zikubwera pang'onopang'ono.

1. Udzu ndi mchenga. Kuyambira Malichi mpaka Juni udzu umakhala wautali, umazengerera pa timawilo tiwiri ta derailleur, chitsulo chakumbuyo chosuntha tcheni posintha magiya, ndi pakati pa masipuloketi. Chotsani ndi kamtengo, zungulitsani mapedulo chammbuyo. Kawirikawiri nkhani imathera pomwepa.
2. Kebulo yatamuka kapena yadzaza fumbi. Tcheni chikamachedwa kukwera ku masipuloketi aakulu, masulani kachitsulo kosinthira kebulo pang'ono, gawo limodzi mwa anayi a mzungulo, n'kuyesa. Chikamachedwa kutsikira ku aang'ono, mangani. Chikamachedwa mbali zonse, kebulo ikukakamira m'chikopa chake, sinthani zonse ziwiri.
3. Hanger yapindika. Kameneka ndi kachitsulo kofewa komwe derailleur imamangidwapo. Njinga ikagwera mbali ya kumanja pathanthwe, kamapindikira m'kati. Khalani kumbuyo kwa njinga muyang'ane: timawilo tija tiyenera kulendewera mowongoka pansi pa sipuloketi. Ngati tapendekera ku masipoko, musalowenso giya yopepukitsitsa, derailleur ingalowe m'wilo n'kuthyola zonse.
4. Tcheni chatha. Yezani ndi lula. Kuchokera pa pini imodzi kukafika pa pini ya 24 kutsogolo kwake pamakhala mainchesi 12, omwe ndi mamilimita 304.8, tcheni chikakhala chatsopano. Chikapitirira ndi mamilimita 1.5, sinthani. Chikapitirira ndi 3, masipuloketi nawo adyeka, ndipo tcheni chatsopano chizidumpha pa akalewo makamaka pokwera chitunda.
5. Mfundo imodzi yauma. Kudumpha kumabwera pakapita mizungulo itatu kapena inayi ya mapedulo, mosaphonya. Pezani mfundoyo, ithireni oyilo, ipindeni uku ndi uku mpaka ifewe.

Chimene chimadya matcheni athu si mtunda ayi, ndi oyilo wakuda wotsala m'galimoto. Ndikudziwa ndi waulere, ndipo madala athu ankathira yemweyo pa njinga zawo zonyamulira nkhuni. Koma akasakanikirana ndi mchenga wa ku Epworth amasanduka phala lonolera chitsulo. M'chilimwe thirani oyilo wouma wa njinga, m'dzinja wonata, kadontho kamodzi pa mfundo iliyonse, kenako pukutani kunja konse ndi nsalu.

Tizomangira tiwiri ta pa derailleur tolembedwa H ndi L tisiyeni ngati magiya ankalowa bwino dzulo. Sitisuntha tokha.

Kwa makaniko: hanger yopindika imawongoledwa ndi chida chake, mukaikoka ndi manja imathyoka. Mahanger amasiyanasiyana malinga ndi felemu, ndiye pokagula, kaya ku msika wa Siyaso ku Mbare kaya ku shopu ya njinga, tengani yakaleyo. Mapedulo akamazungulira kutsogolo wilo osayenda, vuto lili m'kati mwa fuliwilo kapena habu, si la m'tchire limenelo.

## Mabuleki akulira kapena sakugwira

Kulira kokha, buleki ikugwira:
- Mwangowoloka madzi kapena mwadutsa m'fumbi. Kumatha kokha mukagwira kangapo.
- Kukumveka "tsi, tsi" kamodzi pa mzungulo uliwonse wa wilo. Disiki yapindika pang'ono kapena caliper, chitsulo chopana disiki, yasuntha. Masulani mabawuti awiri a caliper, finyani buleki, mangani mabawutiwo mukadafinya.

Kulira kwamphamvu, buleki n'kumaterera:
1. Oyilo wafika pa disiki. Olakwa amakhala eni ake, popopera tcheni ndi oyilo wa m'chitini. Pukutani disiki ndi sipiliti ya isopropyl. Mapadi omwa oyilo sachira, gulani ena.
2. Mapadi atha. Akatsala osakwana milimita imodzi, sinthani. M'dzinja mchenga wonyowa umawatha m'maulendo owerengeka.
3. Mapadi ndi atsopano ndipo sanazolowerane ndi disiki. Thamangani pang'ono pa tala, gwirani buleki mwamphamvu osaima kwenikweni, bwerezani ka 15 kapena 20.

Chofinyira chikafika mpaka pa handulo, pa buleki ya kebulo ndiye kuti kebulo yatamuka kapena yayamba kuduka nsambo. Pa ya mafuta, mapadi atha, kapena mwalowa mpweya, kapena mafuta akudontha. Buleki yofooka pakati pa mtsetse wautali, ngati potsika Ngomakurira, yatentha chifukwa chofinya mosalekeza. Imani izizire, ndipo disiki musaikhudze, imawotcha. Potsika muzifinya n'kusiya, kufinya n'kusiya.

Amene muli ndi mabuleki ogwira pa limu, zulani timiyala tolowa m'malabala. Pititsaninso chala pa limu. Ikakumbika ngati supuni yatsala pang'ono kung'ambika.

Osakweranso mpaka katswiri aone ngati: pali mafuta pa caliper kapena pa paipi, kapena disiki yapyapyala kupitirira nambala yolembedwa pa iyo, yomwe pa madisiki a kampani ya Shimano ndi mamilimita 1.5. Mafuta osasakaniza. Shimano imafuna mineral oil, mabuleki ambiri a kampani ya SRAM amafuna mafuta a mtundu wa DOT, ndipo mukathira olakwika malabala a m'kati amafufuma, buleki yonse n'kutayidwa. Wilo likachotsedwa, monga pokweza njinga m'galimoto, musafinye buleki ya mafuta.

## Wilo lakana kuzungulira m'matope

Awa ndi makande, nthawi zina katondo mvula itangogwa. Matope amaunjikana pa foloko ndi pa felemu mpaka wilo kuima. Mukangomva kulemera, tsikani. Mukakakamiza mapedulo derailleur imazuka yonse. Kokotani ndi kamtengo, nyamulani njinga paphewa mpaka pouma.

Mankhwala enieni ndi kusankha njira. Kuyambira Novembala mpaka Malichi pitani kumchenga, womwe umalimba bwino ukanyowa, madambo muwasiye. Dambo la Monavale ndi la ku Cleveland Dam analowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 2013, ndipo mikwaso ya matayala pa makande onyowa imakhala mpaka chilimwe. M'madambo ena anthu amalimamo chimanga, ndipo agogo akakupezani mukudula m'munda mwawo mudzapepesa m'Chishona chimene simunachiphunzire.

Potsuka, ndowa ndi burashi zakwana. Paipi yamphamvu ya kotsukira magalimoto imakankhira madzi ndi dothi m'mabering'i.

## Njinga ili bwino koma ikukugwetsani

- Mumchenga wakuya kutsogolo kukupotoka. Mwagwira buleki ya kutsogolo, kapena mwatsamira pa mahandulo. Lowani ndi liwiro, giya yopepukirapo, thupi kumbuyo pang'ono, manja omasuka, maso pamene mchenga wathera. Osasiya kupalasa.
- Pathanthwe. Granite youma imagwira tayala bwino kwambiri, ndipo zitunda zooneka zosatheka zimakwereka. Oopsa ndi mizere yakuda imene madzi amatsikira. Ikanyowa imaterera ngati therere. Idutseni mowongoka, osagwira buleki, osakhota muli pamwamba pake. Lakumbuyo likamapalapasa pokwera, khalani pansonga ya chishalo m'malo moimirira.
- Timiyala pamwamba pa katondo wouma. Chepetsani liwiro musanafike pokhota, osati muli kale pakati pake.

Zikamachitika kawirikawiri, yang'anani izi motsatana: mpweya wochuluka, matayala a m'tauni kapena otha mano, chishalo chokwera kwambiri potsika, foloko ya shoko yoiwalika itatsekedwa kuchokera pa tala.

## Kugogoda ndi kulira kwa zitsulo

"Go, go" kutsogolo. Finyani buleki ya kutsogolo, kankhirani njinga kutsogolo ndi kumbuyo, dzanja lina lili pamene foloko imalowera mu felemu. Mukamva kusewera, headset, mabering'i a pomwepo, yamasuka, zomwe zimachitika kwambiri pa misewu ya fumbi ya mabampu. Masulani mabawuti a m'mbali mwa stem, chitsulo cholumikiza handulo ndi foloko, mangani la pamwamba pang'ono mpaka kusewera kuthe, wongolani handulo, mangani a m'mbali aja. Kuyamba ndi la pamwamba a m'mbali ali omanga sikuthandiza kanthu.

Wilo likusewera uku ndi uku. Onani kaye ngati lamangidwa bwino pa foloko kapena pa felemu. Ngati lili lomanga, ndi makoni a habu kapena mabering'i.

"Kwe, kwe" popalasa. Kukamveka mutakhala pokha, ndi fumbi pa mpini wa chishalo. Solorani, pukutani, pakani girizi pang'ono. Kukapitirira mutaimirira, onani mapedulo, kenako mabawuti a kalanki. Pedulo ya kumanzere imamangidwa chobwerera, ndipo ambiri aononga mazinga a kalanki poikakamiza.

Limu ikuvina. Finyani masipoko awiriawiri, mupeza yofewa kapena yoduka. Yoduka ikulungeni pa inzake kuti mukafike. Kuwongola wilo ndi luso, ndipo adala okonza njinga pansi pa mtengo ku Mbare ndi ku Highfield amalidziwa kuposa ambirife.

Apa musadzikonzere: mng'alu uliwonse pa felemu, pa foloko kapena pa handulo, makamaka pafupi ndi powotcherera, foloko yodontha oyilo kapena yogunda pansi, chilichonse cha carbon chimene chamenya mwala. Felemu ya chitsulo wamba imawotchereka. Ya aluminiyamu musaipereke kwa owotcherera mageti, imadzathyoka pafupi ndi pomwe awotchapo, ndipo siichenjeza.

Mukakonza chachikulu, musakachiyesere ku Domboshava. Ku Mukuvisi Woodlands kuli tinjira ta m'nkhalango ya mitengo yotchedwa msasa, mumalipira pageti, ndipo chikavutanso tauni ili pafupi.

## Wokwerayo ndiye wavuta

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490 kuchokera pa nyanja yamchere. M'bale wongofika kumene kuchokera ku Nsanje kapena ku Tete akamapuma wefuwefu pa kachitunda kakang'ono, musamuseke, mupatseni masabata angapo. Mutu kuwawa, miyendo kukokana ndi chizungulire mu Seputembala ndi Okutobala, choyamba ndi madzi ochepa, chachiwiri njala, chachitatu kunyamuka dzuwa litakwera. Pathanthwe palibe mthunzi ndipo mwala umabweza kutentha. Mkhazikeni pansi pa mtengo, amwe pang'onopang'ono, adye kanthu ka mchere. Akayamba kusokonezeka, kusanza kapena kusiya kutuluka thukuta, mthireni madzi ndipo itanani galimoto yopita naye kuchipatala, asapalasenso.

M'dzinja mukamva bingu muli pamwamba pa thanthwe, tsikani nthawi yomweyo, ndipo musabisale pansi pa mtengo woima wokha.

Wagwa n'kumenyetsa mutu, kenako akufunsa funso limodzimodzi kawiri katatu, kapena akudandaula khosi, dzanzi m'manja kapena m'miyendo: musamudzutse, musamuvule helemeti mokoka, mmodzi akhale naye wina aimbe foni. Helemeti imene yamenya mwala itayeni ngakhale kunja ikuoneka yabwino, chifukwa chofewa cha m'kati chimaphwanyika kamodzi kokha.